Injiniya wa pa Boma Wachititsa Khungu Kamera ya Nkhunda

Pa Rumphi Boma pali shopu yokonza mafoni imene yandiphera kamera ine ndikuona ndi maso angawa. Dzina la shopu sinditchula. Mwini wake ali m'gulu lomwe lino, amaika zithunzi za mafoni ogulitsa pafupipafupi, ndipo akawerenga adzizindikira yekha. Anthu amamutcha Injiniya. Nanenso ndinkamutcha choncho, chipewa chili m'manja.

Amene mumandidziwa mwayamba kale kudabwa: mdala uja wa ku Henga, kamera anaitenga kuti? Dekhani. Ndifotokoza bwinobwino. Nkhaniyi ndinamufotokozera mwini shopu pakamwa koma sinalowe, mwina ikalembedwa ilowa.

Ine kwathu ndi ku Dedza. Ndinabwera kuno ndili mnyamata kudzasankha fodya pa esiteti, ndinakwatira, ndinakhazikika. Sukulu sindinapite nayo patali, koma kuwerenga kunandigwira ngati chifuwa chosamva mankhwala. Ndimawerenga chilichonse: nyuzipepala yokulungira usipa, kapepala ka m'bokosi la mankhwala, ngakhale buku la malangizo a pampu imene sindinaionepo. Akazi anga, a NyaMhango, amati ndikanabadwa mbuzi bwenzi kutchalitchi kwathu kulibe buku la nyimbo ngakhale limodzi.

A NyaMhango anadwala sitiroko nthawi yokolola. Dzanja ndi mwendo wakumanzere zinasiya kumvera. Kulankhula kunabwerera pang'onopang'ono, mutu uli bwinobwino, kundidzudzula sanaiwale. Chimene matendawa anawalanda ndi makwerero.

Kuseri kwa nyumba tili ndi khola la nkhunda, lija lapamwamba pa nsanamira. Ndi lawo, si langa. Kuyambira kalekale, m'mawa uliwonse asanateleke madzi ankakwera makwerero kukasuzumira chipinda chilichonse: ndani waikira, ndani waswa, ndani wayambana ndi mwamuna wake. Nkhunda anazipatsa mayina a kukwaya. Pali Tena wosusuka, pali Besi, ndiye pali mkazi wa Besi, Sopulano, yoyera ya khosi lofiirira, imene amaikonda kuposa ine. Izi sindikunena mwansanje. Anandiuza okha.

Chiyambireni matendawa timawanyamula pampando n'kuwakhazika pakhonde. Nkhunda zikamauluka amaziona. Koma iwo amati kuulukako ngakhale wodutsa mumsewu amakuona. Chimene akuchisowa ndi m'kati.

Ndiye Sopulano anaikira mazira awiri. Masiku omwewo achibale anakhala pansi n'kugwirizana kuti mwezi ukamatha a NyaMhango apite ku Chitimba kwa achemwali awo aakulu. Kumeneko kumatentha, thupi limamasuka, ndipo kuli ana aakazi owasambitsa ndi kuwatembenuza. Ine msana wanga unathera pa mabelo a fodya. Sindinatsutse. Alendowo atapita, a NyaMhango anati, "Bambo a Lusungu, ndikangoona ana a Sopulano akudya m'kamwa mwa mayi wawo, anditenge basi."

Sanapemphe china.

Poyamba ndinayesa nzeru zanga. Ndinakwera makwerero, n'kulowetsa dzanja ndi foni m'chipinda cha Sopulano. Anandimenya ndi phiko, n'kuthawa. Kukhonde kunamveka mawu: "Tsikani inu! Mundiziziritsira mazira!" Chithunzi chimene ndinabwera nacho chinali chala changa chachikulu ndi mdima. Anachiyang'ana n'kunena kuti chalacho akuchidziwa kale.

Ndinamuimbira mwana wathu Lusungu ku Lilongwe. Mwamuna wake amakonda tizinthu tamagetsi. Mkamwiniyo anati kuli kakamera kakang'ono komanga wekha, ukakasiya m'khola kamatumiza zonse zochitika pa foni, bola foniyo ikhale pabwalo pomwepo. Anatumiza mu envelopu pa basi.

Anthuni, nditatsegula envelopu ija ndinaseka ndekha. Munali timabolodi tiwiri tobiriwira, tating'ono ngati bokosi la machesi. Munali diso la kamera, lalikulu ngati nyemba imodzi, lili kumapeto kwa kalamba kopyapyala ngati khoko la anyezi. Munalinso mizere iwiri ya timapini tachitsulo togwiridwa ndi pulasitiki yakuda, ngati mano a chipeso. Ntchito yake ndi yosavuta kuimva. Timapinito mumalowetsa m'timabowo ta m'mbali mwa kabolodi kamodzi, n'kumata kapini kalikonse ndi kadontho ka mtovu. Mukatero kabolodiko kamakhala ndi miyendo, n'kukhazika pa kanzake kamene kamalandira moto. Basi. Zina zonse mkamwini anali atakonza kale.

Pepala la malangizo ndinaliwerenga mpaka ndinayamba kulilota. Linali m'Chizungu cha anthu amene nawonso Chizungu anachiphunzira okha, ndiye tinamvana bwino. Mawu amodzi anawalemba ndi zilembo zazikulu: diso lisayandikire kutentha. Kumata kuyambe, diso lilowe pomaliza.

Apa ndi pamene changu changa chinandigwetsa. Pofuna kuwaonetsa a NyaMhango mmene kazidzaonekera, ndinalowetsa kalamba ka diso m'malo mwake n'kutseka kaloko kake. Kutsegulanso kunandikanika. Manja anga amanjenjemera. Tiyi amanyamuka patebulo ali wodzaza, amafika pakamwa ali theka. Chowotcherera changa ndi msomali waukulu umene ndimauika pambaula pomata zidebe. Ndinadziwa malire anga. Ndinati izi zikufuna katswiri.

Ndinasiya a NyaMhango ndi mayi woyandikana nafe nyumba, ndinakwera matola, ulendo wa ku Boma.

Mu shopu nyimbo zinali pamwamba moti magalasi a kauntala ankanjenjemera kuposa manja anga. Injiniya anali kuseri, wavala magalasi pamphumi, akudya tchipisi. Ndi bambo wamkulu ndithu, wa ndevu zake, osati mwana woti tinene kuti sadziwa kanthu. Ndinapereka moni. Ndinatambasula tizinthu tanga pakauntala.

Anati, "Adada, chidole cha mdzukulu ichi?"

Ndinati ayi, ndi kamera. Ndinafotokoza za timapini. Ndinafotokoza za diso, kuti choyamba alichotse, aliike pambali, amate kapini kamodzikamodzi ndi chowotcherera chosongoka, akamaliza alibwezere. Ndinamupatsa pepala la malangizo. Analilandira, osaliyang'ana, n'kuikapo mbale ya tchipisi.

Ati, "Adada, ine ndimatsegula mafoni oti mtengo wake mungagulire ng'ombe ndi mwana wake. Timapini iti tindivute?"

Ndinati sindikukayika luso lake, kungoti chinthuchi si foni. Ndiye ndinachita chimene sindikonda kuchita pagulu. Ndinamuuza za akazi anga. Za Chitimba, za mazira, za masiku ochepa amene atsala. Anasiya kutafuna. Anati, "Pepani chomene, adada. Amama achira. Iyi ndiigwira ngati ya mayi anga ondibereka. Mubwere Lachinayi." Anati ndilipiriretu. Ndinalipira. Ndinatuluka ndikuthokoza kuti yewo, yewo, mpaka pakhomo.

Lachinayi ndinapeza loko. Wogulitsa nthochi pafupi anati Injiniya wapita ku Mzuzu kukaoda katundu. Kodi ulendo wa ku Mzuzu umamugwera munthu ngati malungo? Pondiuza kuti Lachinayi, sankadziwa?

Kunyumba a NyaMhango anandifunsa ndi maso okha. Ndinati akumaliza.

Loweruka ndinapitanso. Ati magetsi azima. Nyimbo zikulira, mafoni a anthu ali pa tchaji mzere wonse, iye akuti magetsi azima. Ndinafunsa kuti nanga izi zikuyendera mphepo? Ati izo ndi za sola, sola siikoka zida zake. Chabwino. Ine si injiniya. Ndinapempha kuti ndione ngati tizinthu tanga tilipo. Anafufuza m'diroo, anafufuza m'katoni, anatipeza pansi pa mulu wa mabatire otupa. Envelopu sinatsegulidwe n'komwe.

Dziwani kuti ulendo uliwonse wa ku Boma ndi tsiku lathunthu limene sindikhala ndi mkazi wanga, pa masiku omwe aja owerengeka. Dziwaninso kuti ulendo uliwonse ndimakagogoda kwa mayi woyandikana nafe, amene alinso ndi dimba lake ndi ana ake.

Lachiwiri ndinati lero sindichoka. Ndinakhala pa benchi. Anabwera mtsikana wa foni yosweka galasi, anamuthandiza. Anabwera bambo wa tayi, anamuthandiza. Anabwera mnzake wongofuna kukamba za mpira, anamuthandizanso. Ine ndinawerenga mapepala onse omata pakhoma, mpaka chenjezo lakuti katundu wosatengedwa adzagulitsidwa. Dzuwa litapendeka anandiyang'ana n'kunena kuti, "Adada, mukadalipo? Bweretsani tithane nazo."

Tithane nazo.

Anakhuthula envelopu patebulo lake. Analowetsa timapini m'mabowo. Mpaka apo mtima wanga unali m'malo. Kenako anapaka mafuta ake omatira kabolodi konse, n'kudula tizidutswa ta mtovu, n'kutiyala m'mbali mwa timapini. Ndiye anatambasula dzanja n'kutenga bulowa.

Amene simunalowepo kuseri kwa shopu ya mafoni, bulowa ndi kachipangizo kopemerera mpweya wotentha kwambiri. Okonza mafoni amakakonda ngati supuni. Foni yakana tchaji, bulowa. Yagwera m'madzi, bulowa. Ndikhulupirira ngakhale mwana wake akatsokomola, Injiniya amayamba wayang'ana kumene kuli bulowa.

Ndinaimirira. Ndinati, "A Injiniya, diso! Chotsani kaye diso!"

Ati, "Adada, khalani pansi."

Ndinati pepala likuti chowotcherera, kapini kamodzikamodzi.

Ati, "Kamodzikamodzi? Tigona pano? Apa ndingopemerera kamodzi, tonse tigwira."

Ndinazungulira kauntala. Anatambasula mkono kunditsekera njira. Ati kuseri kuno n'kwa ogwira ntchito, makasitomala malo awo ndi pa benchi. Mnzake wa mpira uja anati, "Madala, musiyeni dokotala achite opaleshoni." Anthu anaseka. Nanenso, Mulungu andikhululukire, ndinamwetulira, chifukwa ndinaleredwa kuti pakhomo pa eni suchita phokoso. Ndinabwerera pa benchi.

Fungo linandipeza ndili pomwepo. Fungo la jumbo ikagwera pamoto. Pulasitiki yakuda yogwira timapini inafewa, timapini tinapendama ngati chimanga chogwetsedwa ndi mphepo. Iye osadandaula. Anatiwongola ndi kopanira kake kali kotentha, n'kupemereranso. Atatha anatenga mswachi wakale, anauviika mu sipiriti, n'kuyamba kutsuka kabolodi konse ngati akutsuka mano a mwana wamakani. Pa diso pomwe anadutsitsa mswachi. Ndinaona.

Timiyendo topindikato anatikanikiza pa kabolodi kachiwiri mpaka tinalowa. Analumikiza waya. Kanyale kofiira kanayaka.

Ati, "Mwaona? Yayaka. Mumadandaula chiyani?"

Ndinati tiyese chithunzi. Foni yanga ndinali nditaisiya kunyumba kuti china chikachitika mayi uja aimbire Lusungu. Ndinapempha kuti tiyesere pa yake. Ati foni yake siilumikiza ku zinthu zosadziwika, ingatenge matenda. Munthu wokonza mafoni, kuopa kuti foni yake idwala! Ati kayeseni kunyumba, ikavuta mubwere. Anali atatembenukira kale kwa kasitomala wina.

Ndili pa matola ndinkadziuza kuti mwina mdala iwe umangowerenga zambiri. Mwina pepala limakokomeza, ngati timapepala ta mankhwala timene timati panado angakuphe. Munthu uja amagwira ntchitoyi tsiku ndi tsiku. Ndinadzitonthoza choncho mpaka kunyumba.

M'mawa mwake ndinaboola kachitini ka pulasitiki ka mafuta odzola, n'kuikamo timabolodi, diso likusuzumira pabowo. Ndinadikira kuti Sopulano atsike kukadya. Ndinakwera, ndinakamangirira pakona ya chipinda chake, waya ndinautsitsa mpaka pa batire la sola. Mazira onse awiri anali pomwepo, ofunda. Ndinatsika. Ndinakhala pansi pa khola, n'kutsata zimene mkamwini anandiphunzitsa pa foni. Inalumikizana.

Nkhungu.

Foni yonse nkhungu yokhayokha, ngati ya m'mawa wa Juni ukamayang'ana kumapiri a Nyika. Pakati chinthu choderako, m'mbali kowalako. Ndinakweranso, ndinapukuta diso ndi kansalu. Nkhungu. Ndinalitembenuza pang'ono monga pepala linanenera. Nkhungu. Nditaliyang'anitsitsa padzuwa ndinaona kuti kagalasi kake kachita mbuu, ngati diso la munthu wa ng'ala. Ndinaimbira mkamwini. Anandifunsa mafunso awiri okha. Anati kagalasiko ndi kapulasitiki, kapsa. Diso lina likhoza kuitanitsidwa kunja, koma lingafike mwezi utatha kale. Ndipo ku Chitimba kakamerako sikangafikitse chithunzi.

Ndinalowa m'nyumba nditakonza mawu oti ndiwauze. Koma iwo anali atamva makwerero akulira kangapo konse. Dzanja lawo labwino linali litatambasuka kale.

"Bweretsani."

Ndinati, "A NyaMhango, pali kavuto pang'ono..."

"Inu kavuto simusowa. Bweretsani."

Ndinawapatsa. Ndinawavalika magalasi awo. Anayang'ana nthawi yaitali. Ine ndinayang'ana pansi. M'nkhungu muja chinthu choderako chinasuntha, ndiye kuti Sopulano anali atabwerera pachisa.

Anati, "Uyo. Wakhala bwino. Mwaona mmene wapindira phiko?"

Anthuni, panalibe phiko. Panalibe mutu, panalibe mchira. Ndinati ee, ndaona.

Kuyambira tsiku limenelo foni inakhala yawo. M'mawa asanamwe phala, foni. Masana, foni. Ankandifotokozera zonse: Besi walowa kudzalandira ntchito yofungatira, Sopulano watuluka, Besi ndi waulesi ngati amuna onse, wakhalira dzira limodzi lokha. Mayi woyandikana nafe uja anasuzumira tsiku lina, n'kundiyang'ana ine. Ndinapukusa mutu pang'ono. Ndi mayi wanzeru. Anati, "Eee amama, zikuoneka bwino chomene."

Kenako m'mawa wina anandiitana ndili kudimba. "Bambo a Lusungu! Aswa! Onse awiri!"

Ndinakwera makwerero kukaona. Linali loona, anali ataswa. Masiku a nkhunda zawo amawasunga m'mutu, sanaphonyepo. Koma kanali kamodzi. Kamwana kamodzi, kachikasu, kamaso otseka. Dzira linalo linali pambali, lozizira, ndipo silinaswe mpaka lero.

Nditatsika anandifunsa, "Ali bwanji?"

Ndinati ali bwino.

"Onse?"

Ndinati onse.

Tsiku lomwelo anawapatsa mayina.

Apa ndiye pamene pandiwawa, a Injiniya, ndipo ndikufuna mumve. Dzira kusaswa si mlandu wanu. Zimachitika, ndipo a NyaMhango aona mazira osaswa ambirimbiri pa moyo wawo. Akanaona okha akanangoti, aa, limodzi lakana, n'kuyamba kunena Besi. Koma sanaone. Anaona nkhungu, n'kuikamo okha ana awiri, ine n'kuvomera. Mkazi amene ndakalamba naye, amene sindinathe kumubisira ngakhale fodya wa m'thumba la jekete, lero ndikumunamiza m'mawa ndi madzulo.

Ndinapitanso ku Boma. Kamera sindinaichotse m'khola, chifukwa ndikanaichotsa akanayang'ana chiyani? Ndinapempha mayi uja ajambule foni yanga ndi yake, n'kundibwereka kuti ndikaonetse.

Ndinaika chithunzicho pakauntala. Ndinati, a Injiniya, taonani ntchito yanu.

Anachiyang'ana mozondotsa, n'kuchitembenuza. Ati, "Imayaka kapena siyaka?"

Ndinati imayaka.

"Ndiye vuto lili pati? Ine munandipatsa ntchito ya mapini. Mapini agwira."

Ndinati diso lapsa ndi bulowa.

Ati zinthu zoitanitsa pa intaneti zimabwera zakufa kale, aliyense amadziwa. Ndinati nanga munaliyesa musanayambe, kuti mudziwe kuti linali lakufa? Ati si ntchito yake. Kenako ati mwina m'kholamo muli utsi. Utsi! Kodi nkhunda za ku Henga zayamba kusonkha moto? Zikuphika ndiwo m'menemo?

Ndinamukumbutsa kuti ndinamuuza achotse diso. Ati sakukumbukira. Ndinati ndinakupatsani pepala. Ati pepala liti? Ndinati lija munaikapo tchipisi. Pa benchi wina anaseka. Iye nkhope inasintha. Ati, "Adada, vuto lanu mwawerenga kapepala kamodzi ndiye mukufuna kuphunzitsa anthu ntchito. Mukadziwa chomwechi bwanji simunamate nokha?"

Ndinatulutsa manja anga m'matumba, n'kuwaika pakauntala kuti awaone mmene amachitira. Anayang'ana kumbali.

Mawu ake omaliza anali akuti ndikagula diso lina ndibwere nalo, andiikira pamtengo wachibale. Za amama aja amene anati awagwirira ntchito ngati mayi ake omubereka, sanafunse n'komwe.

Alamu anga a ku Chitimba aja anabwera ndi pikapu Loweruka lapitali. Tinayala matiresi kumbuyo, tinamanga chitenje pamwamba kutchinga dzuwa. Ana aakazi aja analongedza zovala, mankhwala, buku lawo la nyimbo. Pamene tinkati tiwanyamule, a NyaMhango anati dikirani. Anatambasula dzanja. Ndinawapatsa foni.

Alamu anati, "Iwe, njira ndi yaitali, dzuwa likukwera." A NyaMhango maso ali pa foni. Anayang'ana, anayang'ana. M'nkhungu muja munali kusuntha kwambiri, mwina inalidi nthawi yodyetsa. Milomo yawo inkayenda pang'ono ngati akuwerenga. Kenako anandibwezera foni n'kunena motsitsa, kuti ena asamve:

"Muzikapukutako kagalasi, bambo a Lusungu. Kachita ngati kali ndi fumbi pang'ono."

Pang'ono.

Sindikudziwa kuti anadziwa liti. Sindikudziwa ngati masiku onsewa ankaonadi kanthu, kapena ankangondisungira ulemu mdala amene anapita ku Boma maulendo onse aja. Sindinafunse. Tinawanyamula. Pikapu inanyamuka. Ana a Sopulano akudya m'kamwa mwa mayi wawo sanawaone.

Tsono inu a gulu lino. Mukakhala ndi kanthu kakang'ono kamene si foni, kaya kawailesi, kaya kamakina koyezera shuga ka odwala anu, musakasiye pa shopu n'kutembenuka. Funsani kuti agwiritsa chida chanji. Mukaona dzanja likupita ku bulowa, musachite ulemu wanga uja. Kuwani. Gwirani katundu wanu, tulukani. Akusekeni, kuseka sikupsereza kanthu. Ndipo musachoke musanayese, ngakhale akuuzeni kuti kanyale kayaka.

Inu a Injiniya, ndalama zanu sungani. Diso lina sindikulifuna, woliyang'anira wapita. Ndikufuna yankho limodzi, pano pomwe pagulu, osati kumbali. Pamene ndinaimirira n'kunena kuti chotsani kaye diso, simunamve chifukwa cha nyimbo, kapena munamva n'kuona kuti ndi zonena za nkhalamba? Kutsegula kaloko kaja ndi chikhadabo chanu kukanakutengerani nthawi yaitali bwanji? Mukanati ntchitoyi simuidziwa, kodi ndikanakumenyani? Ndikanapita kwa wokonza mawailesi kumsika, bwenzi nkhaniyi kulibe.

Dzulo a NyaMhango aimba kuchokera ku Chitimba pa foni ya alamu. Ati kukutentha, ati usipa wa kumeneko ulibe mchenga ngati umene ndimagula ine. Kenako afunsa ngati ana awiri aja ayamba kumera nthenga, ndiponso kuti wamkulu ndi uti. Ndinati netiweki ikuvuta, ndiimbanso mawa.

Mawa lake ndi lero. A Injiniya, inu odziwa zonse, ndiwauze kuti chiyani?